Tsiku Limene Ndinachotsetsa Amuna Anga Ntchito

1

Ine si munthu wolankhulalankhula. Kutchalitchi ndimakhala mzere wapakati, pomwe a kwaya sangamve kuti ukuphonya nyimbo. Kuntchito anthu amadziwa kuti ndafika akamva simbi ikupuma nthunzi. N'chifukwa chake ena mwa anthu amene anandiona tsiku lija ndikukuwa pabwalo la sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, hang'ala yopachikira malaya ili m'manja, mpaka lero amati anali munthu wina wofanana nane.

Ndinali ine. Ndipo dzuwa lisanapendeke tsiku lomwelo, amuna anga ntchito inali itawathera.

Ndimagwira ntchito pamalo ochapira zovala, ndipo gawo langa ndi kusita. Tebulo langa lili pazenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Amuna anga anali mphunzitsi pasukulu ya zoyendetsa galimoto ija, imene ili kuseri kwa ngodya ya msewu womwewo. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, ali kukoleji.

Amuna anga sanandiuzepo kuti amandikonda. Tsiku la ukwati abusa anachita kuwafunsa, iwo n'kungovomera. Koma ndikangotambasula dzanja patebulo, mchere unkafika ndisanautchule. Ndikatulukira pageti ndi chikwama cholemera, ankadzuka kudzandilandira ngakhale maso awo ali pa nyuzipepala. Ndipo galimoto ya sukulu ikamadutsa pazenera langa, ankakweza dzanja. Sankatembenuka, pakuti mphunzitsi sachotsa maso pamsewu. Dzanja lokha.

Tinthu timeneti ndinkatiwerengera Mulungu m'pemphero, kamodzikamodzi, n'kumathokoza. Eni akewo sindinawathokozepo. Mulungu ankadziwa zonse za banja lathu. Amene sankadziwa anali amuna anga.

2

Woyamba kusowa unali mchere. Ndinatambasula dzanja, osafika. Ndinalisiya dzanjalo pamenepo mpaka ndinayamba kuoneka ngati wopempha, kenako ndinadzitengera ndekha.

Kenako chikwama. Ndinaima pageti ndi anyezi ndi sopo mpaka zala zinachita dzanzi, iwo ali pakhonde pomwepo, nyuzipepala ili kumaso. Ndinakhosomola. Anadzidzimuka ngati ndatuluka m'nthaka.

Dzanja la pazenera nalo linasiya kukwera.

Tsiku lina tinakumana pakhomo la sitolo, iwo akutuluka ine ndikulowa. Phewa lawo linagunda langa.

"Pepani, mayi," anatero, n'kupitirira.

Mayi wake anali uja wa anthu onse, osati wa kunyumba.

Loweruka lina m'mawa ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, akuyang'ana khoma.

"Bambo, tiyi akuzizira."

"Mayi, mundipirire masiku ano. Ndili pa soul-searching."

Muyenera kudziwa kuti amuna anga Chingerezi sachigwiritsa ntchito podzitama. Amachigwiritsa ntchito pobisala. Tsiku limene bambo awo anamwalira, anandiuza m'Chingerezi.

"Kumeneko kumafunika kulongedza zovala?" ndinafunsa.

"Si malo."

"Chabwino. Tiyi ndimutenthetse?"

"Mutenthetseni."

Ndinamutenthetsa. Funso lina sindinafunse.

3

Ndinaimbira foni mwana wathu.

"Amayi, ndili ndi mayeso mawa."

"Ndiye ndakupezera funso loyeserera." Ndinamutchulira mawu aja monga ndinawamvera.

"Aa, amenewo? Ndi kudzifufuza mumtima, amayi. Munthu kukhala pansi n'kumadzifunsa mafunso owawa, osadzinyengerera: kodi ndikuchita bwino, kodi ndine munthu wotani kwenikweni. Sanena choncho munthu akamaganiza zoti avale malaya ati. Amatero chikumbumtima chikamamuluma, kapena akafuna kupanga chisankho chachikulu."

"Chisankho ngati chiti?"

"Kusiya ntchito, kusamuka, kuthetsa..." Anaima. "Mwawamva kuti mawu amenewa?"

"Pa wailesi."

Linali bodza. Pofuna kuti bodzalo lichepe, Lolemba ndinakafotokozera Wailesi.

Wailesi ndi mnzanga wa kuntchito, amene amalandira zovala pakauntala. Dzinalo sanapatsidwe ndi makolo ake. Anandimvetsera uku akupisa m'matumba a jekete ya kasitomala.

"Achemwali," anatero, "ine ntchito yanga ndi kupisa m'matumba a amuna a eni. Zimene zimakhala m'kati mwa mwamuna ndimazidziwa kuposa dokotala. Mwamuna akayamba kufufuza mtima wake, dziwani kuti anauiwala kunyumba ina."

"Amuna anga si otero."

"Mwini jekete iyi nayenso si wotero." Anatulutsa ndolo imodzi n'kuiika m'kambale ka zotola. "Akazi ake sanaboole makutu."

Masiku otsatira ndinayesa kudzifufuza nanenso. Ndinaima pakalilole. Ndinapeza kuti ndanenepa m'khosi, manja anga ndi okhakhala chifukwa cha nthunzi, ndipo nkhani zanga zonse ndi za makolala a malaya. Ndinagula mafuta odzola onunkhira. Ndinasintha makatani. Sanaone chilichonse. Ndinagwada n'kuuza Mulungu kuti munthu wake wasintha, ndipo ndinamupempha kuti amulankhule. Munthuyo anali m'chipinda chinacho, akupolisha nsapato.

4

Lachiwiri lina masana abwana anandituma kukapereka madiresi a ukwati kwa kasitomala wa mbali ina ya tauni. Pobwerera, ndikudikira kuwoloka msewu, ndinawaona.

Anali tsidya linalo, akutuluka m'nyumba ina yosanja ya maofesi ambiri. Anavala magalasi akuda. Amuna anga, munthu amene amati magalasi akuda ndi a oimba ndi akuba. Ndipo mkono wawo unali m'manja mwa mkazi wina, wachitsikana, wa diresi yobiriwira. Anawagwira pamwamba pa chigongono, pafupi kwambiri. Ananena kanthu, iwo anaseka.

Mkaziyo anaimitsa takisi. Amuna anga akuwerama kuti alowe, iye anaika chikhatho chake pamwamba pa mutu wawo kuti asagunde chitseko.

Akanawapsompsona, mwina ndikanati ndi mtsikana wopanda khalidwe, basi. Koma chikhatho chija. Ine amene moyo wanga wonse ndakhala ndikutolera tinthu tating'ono ndinadziwa kuti munthu sachitira zimenezo mlendo.

Nditafika kunyumba ndinawapeza atagona pasofa, makatani atsopano aja atatseka.

"Mwaweruka msanga, bambo."

"Mutu. Dzuwa la lero."

"Munali kuntchito?"

"Cha uko ndi uko."

Ndinawapatsa madzi ndi mapiritsi. Kenako ndinasita malaya awo onse, ngakhale ositasita kale.

Wailesi sanachedwe. Mlonda wa pasukulu ija amabweretsa yunifomu yake kwa ife.

"Ndi wophunzira wawo," anandiuza. "Amabwera Lachinayi m'mawa. Ndipo akuti ena onse amaphunzira kubwerera m'mbuyo, koma awiriwa amangoimitsa galimoto pansi pa mtengo n'kumalankhula. Achemwali, pansi pa mtengo pali giya yanji?"

5

Lachinayi m'mawa ndinapemphera kuti Mulungu andigwire pakamwa. Ndikhulupirira kuti anayesetsa.

Ndinali pakati pa kusita malaya oyera pamene galimoto ya sukulu inadutsa pazenera. Woyendetsa anali wa diresi yobiriwira uja, ngakhale tsikulo anavala ina. Amuna anga anali pambali pake, nkhope kutsogolo. Amene anatembenuka n'kundiyang'ana anali mkaziyo.

Ndinaimika simbi. Sindikumbukira kuti hang'ala ndinaitenga nthawi yanji.

Pabwalo la sukulu pali matayala akale ndi timitengo tophunzirira kuimika galimoto. Pabenchi panali ophunzira odikira nthawi yawo. Mwini sukulu, bambo wamfupi wokonda tayi, anali pakhomo la ofesi yake ndi kapu ya tiyi. Pafupi ndi geti panaima mwamuna wina wamtali pa njinga yamoto, atanyamula zipewa ziwiri zokwerera njingayo. Galimoto inali itangoima kumene.

Ndinagogoda pagalasi ndi hang'ala.

"Tsikani, mayi. Tsikani tikuoneni."

Anatsika.

"Munalipira kuti muphunzire galimoto kapena kuti muphunzire mwamuna wanga?"

Mawuwo anatuluka aakulu moti ngakhale ine ndinacheuka kuona amene walankhula.

"Mayi, chonde, tiyeni tikalankhule pambali."

"Pambali ndi pomwe munazolowera! Ine ndikufuna pano. Uzani anthuwa kumene munali ndi amuna anga Lachiwiri masana, mutawakolowekera mkono ngati chikwama chanu. Uzani!"

Mtsikana wina wa pabenchi anakweza foni n'kuyamba kujambula. Mwamuna wa njinga yamoto uja anatsika pang'onopang'ono n'kuyandikira.

"Lachiwiri?" anafunsa, akuyang'ana mkaziyo. "Iwe unati Lachiwiri uli kuntchito."

"Ndinali kuntchito."

"Ndi bambo awa?"

Mkaziyo anayang'ana amuna anga, amene anali asanatsike. Kenako anayang'ana pansi.

"Sindingathe kunena," anatero. "Si nkhani yanga."

Mwamuna wakeyo anaika chipewa chimodzi pa boneti ya galimoto, mofatsa kwambiri, n'kutembenuka kulowera ku njinga yake ndi chimodzi chotsalacho.

Mwini sukulu anali atafika. "Aphunzitsi," anatero, "malamulo a pano mukuwadziwa. Mphunzitsi ndi wophunzira..."

"Achimwene a njinga, taimani kaye."

Anali amuna anga. Anatsika, natseka chitseko bwinobwino monga amaphunzitsira ena. Anaima chilili pakati pa bwalo, nkhope kuloza kugeti.

"Mayi," anandiitana, ndipo ulendo uno anali mayi wa kunyumba. "Bwerani muime apa, pambali pa phewa langa."

Ndinapita.

"Sunthirani kutsogolo pang'ono. Mwaima?"

"Ndaima."

"Kwezani chimene mwanyamulacho."

Ndinakweza hang'ala.

"Mwakweza?"

"Ndakweza, bambo."

"Sindikukuonani."

Palibe amene anaseka.

"Geti ndikuliona. Nambala ya njinga iyo ndingakuwerengereni. Koma kuno ndi uku kulibe kanthu. Ndili ngati munthu woyang'ana m'paipi, ndipo paipiyo ikunka ichepa." Analoza mkazi uja. "Mayi awa ndi namwino wa kuchipatala cha maso. Tsiku lina tikuphunzira, mwana anatulukira kumanzere pa njinga. Amene anaponda buleki anali iwo, wophunzira. Ine mwanayo ndinamuona atadutsa kale. Kuyambira tsikulo akhala akundikakamiza kuti ndikapimitse, ndiponso kuti ndisiye ntchito. Lachiwiri anandidontheza mankhwala otsegula maso kuti adokotala aone m'kati. Ukatuluka mmenemo dzuwa limakubaya, suona ndi phazi lako lomwe. Anandiperekeza kukakwera takisi. Ndinawapempha kuti asauze munthu, ndipo mwaona nokha, sanauze."

Mwini sukulu anaika kapu yake padenga la galimoto.

"Mukutanthauza kuti mwakhala mukutenga ana a anthu kupita nawo pamsewu muli chonchi?"

"Eya, bwana."

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi a galimoto ya sukulu ndi a geti, n'kuwapereka asanapemphedwe.

Ine hang'ala inali idakali m'mwamba. Palibe amene anandiuza kuti nditsitse.

6

Tinabwerera kunyumba wapansi. Kuntchito sindinapitenso tsikulo. Wailesi ndi amene anazimitsa simbi.

Tinayenda mtunda ndithu. Pa ngodya ina anagunda chikwangwani ndi phewa, ndipo ndinazindikira kuti mikwingwirima imene ndinkaiona pamikono yawo sinali yogundidwa ndi boneti ya galimoto monga ankanenera. Ndinawagwira pamwamba pa chigongono. Sindinadziwe kagwiridwe kena.

"Dzanja lija," ndinatero. "Pazenera."

"Linali pa handibuleki. Pamalo panu paja pamatulukira njinga zambiri. Ndinkaopa kulichotsa."

"Ndiye zimene munkafufuza mumtimazo zinali zimenezi? Zoti musiye kapena ayi?"

"Ayi. Zoti ndisiye ndinadziwa tsiku la mwana wa njinga lija. Chimene ndinkafufuza n'choti, munthu wodziwa zimenezo n'kumadzukabe m'mawa kukatenga makiyi, ndi munthu wotani? Lolemba lililonse ndinkapita kukawauza abwana. Ndinkatulukamo ndi wophunzira, ndisanawauze."

"Munapeza yankho?"

"Ndinapeza wamantha. Ndinkaganiza za mwana kusukulu. Ndinkaganizanso za inu. Ine mawu okoma ndilibe, mayi, mukudziwa. Changa chinali kuona chimene mukufuna musananene. Ndiye ndinkati, zimenezo zikatha, nditsala ndi chiyani choti ndikupatseni?"

Ndinayang'ana kumbali. Ubwino wake sakanandiona.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa?"

"Ndinafunsa Mulungu."

"Anati chiyani?"

Ndinapitiriza kuwatsogolera.

"Komabe mwandithandiza," anatero titafika pageti. "Ndikanapha mwana wa munthu. Kungoti hang'ala ija inali yosafunika."

7

Kwa namwino ndinapita sabata yotsatira. Ndinakhala pamzere ngati wodwala aliyense, chifukwa ndinaona kuti sindiyenera kulowera kutsogolo. Atandiona anatseka chitseko.

Ndinapepesa. Sanafulumire kundimasula, ndipo anachita bwino. Anandiuza kuti kanema wa tsiku lija anafika mpaka kwa apongozi ake, koma theka loyamba lokha, pakuti mtsikana wojambula uja anasiya pamene nkhani inasiya kukoma. Anandiuzanso kuti amuna ake anapepesa, koma iye sanaiwale kuti anamusiyira chipewa pa boneti.

"Zimenezo si inu munachita," anatero. "Inu munangondionetsa. Koma sindikuthokozani."

"Simukuyenera kutero."

Anandifotokozera kuti zimene maso a amuna anga anataya sizidzabwerera, koma zotsalazo zikhoza kusungika ngati mankhwala sadumphidwa ngakhale tsiku limodzi. Anandionetsa kagwiridwe ka chikope podontheza. Kenako anati, "Popeza mwabwera, khalani apo tikupimeni nanunso."

Anandipima.

"Maso anu alibe vuto lililonse, mayi. Mumaona bwino kwambiri, ndi m'mbali momwe."

Ndinamupempha kuti apimenso.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka inu ofatsa anzanga amene anthu amakuyamikirani kuti simuyankha: mwana wanga ananena kuti kudzifufuza ndi kudzifunsa mafunso owawa osadzinyengerera. Ine ulendo woyamba ndinafufuza khosi ndi manja, chifukwa zimenezo mafuta odzola amakonza. Nditakhala pansi kachiwiri, nyumba ili zii, ndinapeza zina. Ndinapeza kuti kukhala chete kwanga, kumene ndinkakutcha kupirira, theka lake kunali kunyada. Sindinkafuna kufunsa chifukwa wofunsa amaoneka wosowa. Ndinapezanso kuti kulakwiridwa kunayamba kundikomera. Kugwada n'kumanena munthu kwa Mulungu n'kosavuta, chifukwa munthuyo sayankhapo.

Kupemphera sindinasiye. Koma tsopano ndikadzuka pamaondo ndimapita kuchipinda chinacho.

Ntchito ija sinabwerere, ndipo siyenera kubwerera. Mwana wathu analira pafoni, kenako anatikalipira tonse awiri mofanana. Amuna anga masiku ano amathandiza m'bale wawo kusitolo ya zipangizo za galimoto, pomwe makasitomala amaima kutsogolo kwa kauntala, molunjika. Masiku ena amabwera atakwiya, ndipo sindidziwa ngati akwiyira maso awo kapena ine. Ndimafunsa. Nthawi zina yankho limakhala ine.

M'mawa uliwonse amakhala pampando wa kukhitchini, n'kupendeketsa mutu, ine n'kuima pamwamba pawo ndi kabotolo ka mankhwala. Pamenepo sangathawe, sangalankhule Chingerezi, ndipo nkhope yanga imakhala pakati penipeni pa paipi yawo ija. Ndiye ndinasankha kuti nthawi imeneyo ndizifunsa funso limodzi, mokweza.

Lero ndinafunsa limene ndakhala ndikulizungulira.

"Bambo, mukuopa?"

"Eya."

"Inenso."

Diso lawo linali tong'o, chikope chili pakati pa zala zanga.

"Ndiye lozetsani bwino, mayi," anatero. "Mukundidontheza m'khutu."